Mmene Tinawazondera a Nankhoma

Lachiwiri lapitali kunalira telefoni kunyumba kwa mwana wanga kuno ku Lanham, ku America. Woimbayo anali mtsikana wa mawu okoma, wa ku bungwe lija anayambitsa malemu Mayi Nankhoma. Mpongozi wanga, amene akundilemberanso mawu anowa poti ine cholembera chinandikana kalekale, ndiye ankatanthauzira. Akuti patha chaka chimwalirireni mayi aja, ndiye kukhala phwando lowakumbukira ku hotela ina ku Alexandria. Kudzakhala chakudya, kudzakhala zolankhula, kudzaperekedwa mphoto ya dzina lawo. Ine akundifuna pa tebulo la kutsogolo. Ndipo akuti ngati n'kotheka ndidzavale chitenje ndi duku, alendo amakonda.

Ndinati, "Muwauze kuti chitenje changa ndachapa, sichinaume."

Mpongozi anati, "Amayi, phwandolo ndi la mwezi wamawa."

Ndinati, "Chidzakhala chisanaumebe."

Ku hotelako sindipita. Zimene ndikanakanena kumeneko sakanandipatsa mpata wozinena, ndiye ndizinenera pano, amene ali ndi makutu amve.

Ndiyambe ndi maliro awo, poti ndi pamene tinaonekera umbuli wathu. Kwa zaka zonsezi, munthu wa kwathu akamwalira kuno, kaya wa ku Malawi kaya wa ku Zambia, thupi lake linkafika kumudzi podzera m'manja mwa a Nankhoma. Ndiwo ankadziwa khomo loyamba kugogoda, ndege yovomera kunyamula bokosi, ndi mawu olankhula nawo anthu osunga mitembo. Ifeyo tinkangosonkha, kuimba, ndi kulira. Tsono atagona iwowo, tinadzaza nyumba yawo ku Germantown, amayi pansi pabalaza, abambo kukhitchini atavala majekete. A Kamwendo, bambo wamkulu wogwira ntchito ku banki ija ya maiko onse, munthu woyenda pandege ngati ife pabasi, anafunsa kuti kodi chilolezo cha ku embase amatenga bwanji. Kenako mayi wina anangoti, "Aa, tangowaimbirani a Nankhoma," n'kugwira pakamwa. Palibe anaseka. Thupi la mayi amene anatumiza anthu onse aja kwawo linakhala mufiriji milungu, ife tikuzungulirazungulira ngati nkhuku zonyowa.

Anali a kumbali ya ku Dedza, wamtali, wa thupi, wa mpata kumano, ndipo poyenda ankapendekekera kumanja chifukwa cha chikwama. Unesi anauphunzirira pachipatala cha mishoni, ndipo kuno anabwera nthawi ya chipani chimodzi ija. Amuna awo anatsikira kulichete kalekale. Mwana anali mmodzi, wamwamuna, wokhala kutali ku Texas. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zosungira nkhalamba, kutembenuza ndi kusambitsa makolo a eni. Bungwe sanalilote kutulo ayi. Linayamba ndi mtsikana mmodzi amene anamubisa m'nyumba mwawo.

Atsikana amenewa nkhani yawo tisaibise. Ankabwera nawo ndi anthu athu omwe, akuluakulu a maofesi, powalonjeza sukulu. Akafika, pasipoti ankaitsekera m'sutikesi ya abwana, mwana wa eni n'kumagona pafupi ndi makina ochapira, kulera ana, kukolopa, malipiro akuti tikusungira. Wina akathawa, ankathawira kwa a Nankhoma. Atachuluka, mpingo wathu unawabwereka chipinda cha pansi pa tchalitchi, chotsikira masitepe a kuseri. M'menemo ndimo munali bungwe lonse. Posakhalitsa ankatsika masitepewo sanali athu okha: a ku Ethiopia, a ku Sierra Leone, a ku Haiti, ngakhale amayi akuda a konkuno amene eni nyumba awataira katundu panja.

Ine ndinafika chaka chimene kwathu ankavotera matipate, kudzalera zidzukulu. Ana akapita kusukulu ndinkatsikira kumeneko. Chizungu ndilibe, ndiye ntchito yanga inali kupinda zovala zopereka ndi kukhala pafupi ndi amene akulira. N'chifukwa chake ndinawaona mayi aja tsiku ndi tsiku, osati pa phwando.

Sindinawaonepo akudya atakhala pansi. Buledi kumanja, telefoni paphewa, maso pa munthu wina amene wangolowa. M'chiuno munkakhala kabipa, kachipangizo kowaitanira kolira ngati kamwanapiye, ndipo kankalira ngakhale pa mgonero wa Ambuye. Miyendo inkatupa moti madzulo nsapato ankaiponda chakumbuyo. Mawu anali nawo awiri. Akamalankhula ndi opereka thandizo, mawu ankapyapyala, kufewa, kuseka pamene palibe choseketsa. Akaika telefoni, nkhope ija inkagwa ngati nsalu yochoka pachingwe, n'kundiuza m'Chichewa chokhuthala kuti ndiwapatse madzi. Ankakonda kunena kuti wopemphera anzake amafunika nkhope ziwiri, ndipo yomwetulirayo ndi imene imamaliza munthu. Ankanenanso kuti anthu ena amakupatsa khasu koma mpini osausiya, ndiye ukalime bwanji.

Apa ankanena a bodi. Kuno bungwe lililonse liyenera kukhala ndi gulu la anthu oliyang'anira, ndipo opereka thandizo ankafuna aonepo maina a anthu a mtundu wawo asanatsegule dzanja. Ndiye a Nankhoma anawaitana okha, ndi pakamwa pawo, azungu ophunzira a mitima yabwino. Mlendo uja unamuyalira mphasa pakhonde, m'mawa wadzuka ali kuchipinda kwako. Wapampando wawo anali mayi wina wochepa thupi amene tinamutcha Nachimwemwe, chifukwa ankamwetulira nthawi zonse. Pokupatsa moni, kumwetulira. Pokukaniza, kumwetulira kwambiri.

Zimene ndinaona ndi maso angawa, abale inu! Alendo a thandizo ankatsika masitepe, n'kuwapitirira mayi amene aima pakhomo atatambasula dzanja, kukagwira chanza mnyamata wachizungu wodzangothandiza Loweruka, poganiza kuti bwana ndi ameneyo. Tsiku lina wina anawapatsa jekete kuti akapachike. Iwo analandira, anakapachika bwinobwino, kenako anakakhala pampando wawo kuseri kwa desiki n'kunena kuti tiyeni tiyambe. Munthu uja anafiira mpaka m'makutu. Madzulo ake ndinawapeza a Nankhoma m'galimoto atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, injini yosalira, maso gwa kutsogolo. Ndinagogoda pagalasi. Anati ndiwasiye pang'ono, akumeza.

Malipoti ankawafunsa mobwerezabwereza, ngati mwana amene wamutuma kugolosale koma sukumukhulupirira. Akapempha munthu wachiwiri wowathandiza ntchito, yankho linali lakuti chaka chino n'chovuta. Akakweza mawu pang'ono pa miting'i, Nachimwemwe ankawagwira pamkono n'kunena kuti akuoneka okwiya, kodi zonse zili bwino kunyumba. Mzungu akamenya tebulo akuti ali ndi mtima wa ntchito. Mayi wakuda akangotsokomola akuti ndi waukali.

Mkangano woyamba waukulu unali wa phwando longa lomwe akundiitanirali. A bodi ankafuna mtsikana mmodzi mwa othawa aja akaime kutsogolo, alendo akudya, afotokoze zonse zimene abwana ake ankamuchita. Akuti anthu akalira amapereka. A Nankhoma anakana. Anati mwana wa eni sangakavule pagulu kuti anthu amve kukoma nyama. A bodi anati chabwino, ndiye mufotokoze inuyo za ubwana wanu, mmene munkayendera opanda nsapato ndi kugona ndi njala. Iwo anati bambo awo anali ndi ng'ombe ndi golosale, ndipo nsapato anayamba kuvala asanamere mano onse. Akuti nkhope za a bodi zinagwa ngati awalanda kanthu.

Koma musaganize kuti ndikunena azungu okha. Ifeyo? Amayi ena a kutchalitchi sankawapatsa moni, akuti amapasula mabanja a anthu powalanda antchito. A Kamwendo omwe aja anawaimikapo pabwalo la magalimoto n'kuwauza kuti akuchititsa manyazi dziko pamaso pa alendo, chifukwa anachotsa mtsikana kunyumba ya msuweni wawo. A Nankhoma anayankha kuti manyaziwo anawapeza kale m'nyumbamo, iwo anangoyatsa getsi. Koma anthu omwewo, mlamu akamangidwa, mwana akadwala, mapepala akatha, galimoto zawo zinkapezeka kuseri kwa tchalitchi. Tinkawatcha chitsulo. Tinkati Mulungu anawapatsa mphamvu zapadera. Kumutcha munthu chitsulo ndi njira yaulemu yomuuza kuti sudzamufunsa ngati watopa.

Anagwa m'mawa wina m'nyengo yozizira, ataimirira pa makina okopera mapepala. Ndinangomva khuu. Kuchipatala dokotala anati magazi akuthamanga moopsa, ndipo akapanda kugona pansi milungu ingapo osagwira kanthu, ulendo wina sadzadzuka. A bodi apa anachita changu chimene sitinachionepo. Anawapatsa tchuthi, anawalanda kabipa kaja, anasintha loko wa chitseko kuti asayesedwe kubwera, n'kuikamo mnyamata wa madigiri amene anati ndi wongogwirizira. Zonsezi akuti chifukwa chowakonda. A Nankhoma anavomera. Anandiuza kuti chibwerereni ku America sanagonepo masana, ayeseko aone kuti zimakoma bwanji. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kupuma, kenako kubwerera pampando wawo.

Tsono mverani zimene tinachita ife.

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Kutseka chitseko pa matenda ndi ufiti, ndipo amene sanakazonde amanenedwa mpaka pa maliro. Ndi mwambo wabwino, sindiunyoza. Kumudzi wozonda amabwera ndi nkhuni, amatunga madzi, amasesa pabwalo, amakhala pang'ono n'kunyamuka. Koma ife tinautenga mwambowo n'kuuveka jekete lina. Lamulungu loyamba tikutuluka m'tchalitchi, galimoto zinandondozana ulendo wa ku Germantown. Aliyense ndi kathumba ka malalanje. Ankalowa, kugwada pambali pa sofa, kupepesa, kupemphera mokweza. Akati amen, m'malo motsanzika, ankasendera pafupi.

"Pepanitu mayi, poti mukudwala. Kankhani kanga n'kakang'ono."

Wina viza ya mchemwali wake. Wina abwana a ku nyumba ya nkhalamba amuchotsera mashifiti. Wina mwana wake amutenga a boma chifukwa anamukwapula. Ku ofesi kuja mnyamata wogwirizira ankafuna munthu ayambe waimba telefoni ndi kupatsidwa tsiku, ndiye anthu anaona kuti kuzonda n'kwachidule. Ofesi yonse inasamukira pasofa ya wodwala. Ndipo a Nankhoma, poleredwa mmene analeredwera, sakanalola mlendo atuluke kukamwa kuli kouma. Ndinawapeza tsiku lina ataimirira kukhitchini, atatsamira sinki, akukazingira mazira anthu amene abwera kudzawazonda. Alendowo ali phee pabalaza, akuonera mpira pa TV. Potsanzika, mayi aja n'kuvala jekete kuwaperekeza mpaka pagalimoto, m'chisanu muja.

Malalanje anadzaza nyumba mpaka kuyamba kuola.

Ndinauza mwana wanga kuti apeze wina wolera ana milungu imeneyo. Ndinasamukira ku Germantown, ndinawakweza mayi aja kuchipinda cham'mwamba, ndinazula telefoni pakhoma, ndinatenga mpando wa kukhitchini n'kuuika pakhomo, mkati. Ndinakhalapo ndi ndodo yanga.

Oyamba kugogoda anali a Kamwendo ndi akazi awo.

"Agogo, mwaswera bwanji? Tabwera kudzaona odwala."

"Ndaswera. Odwala agona. Malalanjewo siyani pomwepo, ndikawauza kuti munafika."

"Aa, agogo, ife si alendo pano. Tingowapatsa moni basi."

"Moniyo ndipatseni ine, ndili ndi thumba lalikulu. Nanga envulopu ili m'khwapamo ikudwalanso?"

Akazi awo anati, "Koma agogo inu, mwayamba liti upolisi? Yunifolomu anakupatsani?"

Ndinati, "Anandipatsa tsiku lomwe inu anakupatsani unesi, amwali. Wodwala wanu uja munamuchiritsa ndi mazira ake omwe."

A Kamwendo anakweza mawu kuti izi si za Chimalawi, kuti America yandilowa m'mutu. Ndinawauza kuti kwathu ku Ntcheu wozonda amabwera ndi tsache, ngati akufuna Chimalawi bafa lili m'mwambamo likufunika kukwecha. Ananyamuka, malalanje n'kubwerera nawo. Lamulungu lotsatira dzina langa linamveka tchalitchi chonse. Akuti nkhalamba ija yatsekera a Nankhoma m'nyumba ngati mkaidi, mwina ikufuna chuma. Amayi a chigwirizano anabwera gulu, atavala zoyera, akuimba kuchokera pagalimoto. Ndinawalola aimbire panja, pansi pa zenera. Anaimba vesi imodzi, chisanu chinawabweza.

Masiku amenewo, ochepa okhawo, ndinaona munthu akubwerera m'thupi mwake. Anagona masana. Miyendo inaphwa moti tinaona akakolo. Anandipempha ndiwaluke tsitsi, ndipo ndikuwaluka anandisimbira za ng'ombe ya bambo awo imene inkadana ndi abusa okhaokha, tinaseka mpaka kutsokomola. Anati akachira adzapita kunyanja ya mchere ija ili pafupi pompano, imene anthu amapitako ndi ana, poti zaka zonsezi anangoimva m'kamwa mwa anzawo. Mumtima ndinati tapambana.

Kenako tsiku lina masana kunagogoda wina, mogogoda mwa munthu woopa chitseko. Nditatsegula ndinaona mtsikana wowonda, atavala juzi yopyapyala ndi masilipasi, zala zakuphazi zitachita kuyera ndi chisanu. M'manja munalibe kanthu.

"Nifuna amai Nankhoma," anatero m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Ndine Esinati. Nathawa ku nchito. Ku ofesi banikana, bati nibwele Mande na apointimenti. Manje nilibe kogona."

Mtima unandipweteka, koma ndinaima pakhomo. Ndinati, "Mwanawe, mayi akudwala kwambiri. Lowa ukhale kukhitchini mwakachetechete, umwe tiyi, ndikuitanira abusa akupezere malo."

"Abusa ni banzawo ba bwana banga," anatero, n'kuyamba kulira, kulira kopanda mawu kuja.

Sindikudziwa kuti a Nankhoma anamva bwanji chitseko chili chotseka. Ndinangomva mawu kuchokera pamwamba pa masitepe.

"A Nazimbiri, mwanayo akwere kuno."

Ndinati, "Mayi, bwererani mukagone. Dokotala anati chiyani?"

"Dokotala sanaone mapazi akewo. Taonani."

"Ndawaona. Ndaonanso anu. Mukadzuka lero simudzagonanso, ndikukudziwani. Ana a eni ndi ambiri, inu ndinu mmodzi."

Anatsika sitepe imodzi atagwira khoma. Anati, "A malalanje aja munachita bwino kuwabweza, Mulungu akudalitseni. Koma uyu wabwera chimanjamanja. Mlendo wanga ndi ameneyu."

Ndinakhala pampando paja n'kulira ndi mkwiyo. Sindinakwiyire mtsikanayo, analakwanji? Ndinakwiyira chitseko cha pansi pa tchalitchi chija, chimene chinakhala chotsegula zaka zonse mpaka tsiku limene anthu ophunzira anachigulira loko watsopano.

M'mawa mwake anavala suti yawo ya buluu, anabwezera telefoni pakhoma, anaitana loya wina wodziwana naye, ndipo masana anapita ndi wapolisi kunyumba ya abwana aja kukatenga pasipoti ya Esinati. Anabwera nayo. Anabweranso miyendo itatupa ngati mitondo.

Bwana uja anali ndi anzake, ndipo anzakewo ankadya limodzi ndi ena opereka thandizo. Sabata isanathe a bodi anaitanitsa miting'i. Ine ndinapita nawo kukawanyamulira chikwama, ndinakhala pakona. Zimene zinkanenedwa anandimasulira okha pobwerera, koma nkhope ndinkaziwerenga ndekha. Nachimwemwe anayamba ndi kuwayamikira, kuyamikira kwautali ngati kwa pa maliro. Kenako anati mayi aphwanya pangano la tchuthi, agwira ntchito m'dzina la bungwe ali odwala, aika bungwe pa ngozi ya milandu. Anati zikuonetsa kuti sangathe kudziletsa, ndiye powateteza, bodi yaganiza zowapatsa ulemu waukulu. Kuyambira tsiku limenelo adzatchedwa Mayi Woyambitsa. Adzakhala pa tebulo la kutsogolo pa maphwando onse. Za tsiku ndi tsiku adzayendetsa mnyamata uja, ndipo amupezera omuthandiza awiri.

A Nankhoma sanakweze mawu, ankadziwa kuti akungodikira zomwezo. Anafunsa funso limodzi. Anati zaka zonse zija ankapempha munthu mmodzi wowapeputsa, ankauzidwa kuti chaka n'chovuta. Nanga chaka chafewa liti kuti papezeke anthu atatu owalowa m'malo? Wina ankayang'ana wotchi. Nachimwemwe anawagwira pamkono, n'kunena kuti akumvetsa kuti ali ndi ululu mumtima.

M'galimoto anakhala nthawi osaliza injini. Kenako anati, "A Nazimbiri, ndinapempha kugona, andipatsa manda a pulasitala."

Kodi mukuganiza kuti ife tinawasiya atachotsedwa? Tinakondwa! Tinati tsopano ali ndi nthawi. Bungwe litasamukira ku Alexandria, ku maofesi a magalasi kumene munthu wa masilipasi amachita manyazi kulowa, anthu onse anatembenukira ku Germantown. Analibenso malipiro, analibe wothandiza, analibe ngakhale makina okopera, koma tebulo lawo lodyera linadzaza mavuto a anthu. Ine ana anandifuna ku Lanham, mpando uja unabwerera kukhitchini. Ndinkawaimbira kuwakalipira. Ankaseka n'kunena kuti mutu waukulu sulewa nkhonya. Ndinkawayankha kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ikang'ambika ovina amangosamukira ku bwalo lina.

Inang'ambikadi chilimwe chisanathe. Anagwa pa benchi m'khonde la khoti, masana, akudikira kumasulira mlandu wa mayi wina. Sitiroko inawatseka pakamwa ndi mbali yonse ya kumanja. Anagona m'chipatala masiku angapo, maso okha akuyenda. Ndipo tinabweranso kudzazonda, ndi malalanje athu, kwa munthu amene sakanatha kumeza ngakhale madzi. Ine ndili pomwepo, bambo wina amene dzina lake ndilisunga chifukwa cha ana ake, atatha kupemphera, anawerama n'kuwanong'oneza kukhutu: "Mayi, loya uja munkanena uja, dzina lake ndani? Mungophethira ndikatchula loona."

Ndodo yanga inamupeza pamsana. Anesi ananditulutsa. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa.

Kunyanja ya mchere kuja sanafikeko.

Tsopano akuti mphoto. Akuti chithunzi chawo chili pakhoma ku Alexandria, chachikulu, atavala duku limene anawavalitsa tsiku la phwando lina, pomwe iwo kuntchito ankavala suti. Adzaimirira anthu kunena kuti mayi ameneyu sankatopa. Bodza! Ankatopa. Ndinawaona ine akutopa, ndinawaona akupempha, ndinawaona atagona masana ngati khanda masiku ochepa amene tinawalola. A bodi anawapatsa mpumulo wokhala ndi mbedza mkati. Ife tinawalanda ngakhale umenewo, titagwada, tikupemphera. Tsono tikakhale pamodzi ku hotela, awa mbali iyi awa mbali iyo, tiziomba m'manja? Amene mudakali ndi a Nankhoma anu amoyo, kaya kumpingo kaya ku bungwe, pitani lero mukawachapire mbale, ndipo pakamwa panu mutseke.

Chipinda cha pansi chija ndimachidutsa Lamulungu lililonse. Mpingo unaikamo mipando yopinda ndi makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi. Ndikasuzumira pa kazenera ndimaona pakapeti mabowo anayi pamene panaima miyendo ya desiki, ndi kanjira kothothoka ubweya kochokera pakhomo kukafika pomwepo. Chingwe cha telefoni chikulendewera pakhoma, chodulidwa. Masamba a mitengo amaunjikana pansi pa masitepe, palibe wosesa, ndipo mvula ikagwa madzi amaima pakhomo mpaka kuchita ndere. M'mbali mwa masitepewo muli chitsulo chogwirira potsika. Kale chinkawala ngati supuni, popanda wochipukuta, manja a anthu okha. Dzana ndinachigwira, dzanja langa linabwerako lofiira ndi dzimbiri.